Agogo Pensulo atisiya: miphika, makope awo, ndi kakitasi wopanda dzina

NaMinga
Abale anga, lero ndabwera ndi uthenga wowawa. Agogo Pensulo atisiya. Mwana wawo wamkazi wandiimbira usiku wathawu, akuti sanadwale nthawi yaitali. Inu amene mwalowa posachedwa mwina simunawapeze akulemba, chifukwa chaka chathachi maso anali atayamba kuwavuta, koma akale nonse mukudziwa kuti muno ndi ochepa amene alibe kakitasi wochokera m'manja mwawo. Ine ndawerenga m'mawa uno, pa amene ndili nawo 14 ndi ochokera kwa iwowo. Mwana wawoyo ndamulowetsa pagulu pano chifukwa ali ndi funso limene landikulira. Timulandire bwino, ndipo amene ali ndi chowakumbukira nacho alembe.

Dzanja Lolemera
Ayi ine zandipweteka. Pepani achemwali, pepani banja lonse. Dzina ndikulembera panoli anandipatsa ndi iwo. Ndinawatumizira chithunzi cha Astrophytum wanga atafewa kutsinde ngati thonje lonyowa, ndikufunsa mankhwala oti ndigule. Anandifunsa funso limodzi lokha: mumathirira kangati? Nditati kawiri pa sabata, anangoti, "Mwana wanga, dzanja lako ndi lolemera. Kakitasi saphedwa ndi ludzu, amaphedwa ndi womukonda." Patatha mwezi ananditumizira wina osandilipiritsa, ndi kapepala koti ndisamuthirire mpaka iwo atandiuza. Ali moyo mpaka lero.

Kafesa
Mzimu wawo uuse mumtendere. Atsopano dziwani kuti dzina loti Pensulo linabwera chifukwa cha ine. Chaka changa choyamba kufesa njere ndinalemba malebulo onse ndi cholembera chakuda chija amati sichifufutika. Ndinaika chithunzi muno ndikunyada. Agogo anati dikira dzuwa likuwerengere. Chaka chisanathe malebulo onse anali mbee, timiphika 30 topanda dzina, ndipo tiana ta Gymnocalycium tikakhala tating'ono timafanana tonse. Kuyambira pamenepo aliyense akaika chithunzi, iwo funso lawo linali lomwelo: mwalemba ndi pensulo? Ndipo ankati lemba malebulo awiri, lina ulikwirire pansi pa mphika.

Mwana wa Malemu
Zikomo nonse, sindinkadziwa kuti bambo anali ndi abale ambiri chonchi. Kunyumba tinkangoti ali pa foni ndi anthu awo a minga.

Ine za zomerazi sindidziwa kanthu. Ndalowa mu shedi mwawo lero koyamba chimwalirireni. Miphika ndi yambirimbiri, ndasiya kuwerenga nditafika pa 300. Pa thebulo pali makope anayi, burashi yaing'ono yojambulira, kampeni, ndi mabotolo a njere zonga fumbi. Malebulo ambiri ali ndi mayina a Chilatini kenako zilembo ndi nambala, monga FR, L, HU, SB, WR. Sindikudziwa tanthauzo lake.

Koma funso langa ndi ili. Pali thileyi imodzi ya makakitasi ozungulira amene alibe dzina la Chilatini, lebulo lake langoti P 41. Ndimamudziwa ameneyu chifukwa akamachita maluwa bambo ankatidzutsa m'mamawa kuti tidzaone. Duwa lake ndi lalikulu kuposa mwini wakeyo, lofiirira m'mphepete, lachikasu pakati. Ankati anamupanga okha ndi burashi ija, kuchotsa mungu pa duwa lina kuika pa lina. Bambo ankakonda kunena moseka kuti akusamalira manda a azungu, poti pafupifupi mphika uliwonse uli ndi dzina la munthu amene anafa kalekale. Kodi n'zotheka kuti uyu yekha atchedwe dzina lawo? Zimayenda bwanji?

Mphunzitsi Wopuma
Mwana wathu, pepa kwambiri. Bambo ako ndinkatsutsana nawo pafupifupi sabata iliyonse ndipo ndikusowa kale wotsutsana naye.

Ndiyambe ndi zilembozo, chifukwa ndi chuma chenicheni cha m'shedimo. Ndi manambala a anthu amene anapita kutchire kukatola njere. Munthu akafika paphiri lakuti n'kutola njere za chomera chakuti, amalemba nambala m'kope mwake, ndipo nambalayo imatsatira ana ndi zidzukulu za chomeracho kulikonse zipite. FR ndi Friedrich Ritter, Mjeremani amene anayenda zaka zambiri ku Chile, Peru, Bolivia ndi maiko oyandikana nawo, anamwalira mu 1989. L ndi Alfred Lau, amene ankakhala ku Mexico. WR ndi Walter Rausch wa ku Austria, SB ndi Steven Brack wa ku New Mexico, HU ndi anthu awiri, Leopoldo Horst wa ku Brazil ndi Werner Uebelmann wa ku Switzerland. Chonde usazule lebulo ngakhale limodzi, ngakhale likuoneka lakuda bwanji.

Tsono za dzina. Njira zilipo ziwiri ndipo sizisakanikirana. Dzina la Chilatini limaperekedwa ku chomera cha m'chilengedwe chimene sichinalembedwepo. Pamafunika katswiri achifotokoze m'Chilatini kapena m'Chingerezi (Chingerezi anachilola kuyambira 2012), asindikize, ndipo chomera chimodzi chiumitsidwe n'kusungidwa mosungira zomera zouma kuti chikhale mboni ya dzinalo. Dzina loyamba lili ngati mfunda, lachiwiri ndi la mtunduwo. Likakhala la mwamuna limathera ndi -ii kapena -i, monga grusonii ndi ritteri. La mkazi limathera ndi -ae kapena -iae, monga theresae. Njira imeneyi P 41 siimukhudza kwenikweni, chifukwa sanachokere kutchire.

Njira yachiwiri ndi ya zomera zopangidwa ndi alimi. Imeneyo ndi yotseguka kwa aliyense. Dzina lake silikhala la Chilatini, lamulo limeneli linayamba mu 1959, limalembedwa ndi chilembo chachikulu m'kati mwa timikodolero timodzitimodzi, mwachitsanzo Echinopsis 'Agogo Pensulo'. Chofunika n'chakuti chomeracho chikhale chosiyana ndi zinzake, ana ake azituluka chimodzimodzi, ndipo dzinalo lisindikizidwe pamalo okhala ndi deti pamodzi ndi mawu ofotokoza kusiyana kwakeko. Ndiye yankho ndi lakuti inde, n'zotheka.

Mlonda wa Mizu
Pepani achemwali pa zovutazi. Ndinene pang'ono maganizo anga, musandione ngati wosokoneza maliro. Agogo ankandidziwa kuti nkhani ya mayina a anthu pa zomera ine siinkandisangalatsa, ndipo pena ankagwirizana nane.

Taonani kakitasi wamkulu uja wa ku Arizona ndi Sonora, wa mikono yoloza kumwamba. Anthu a Tohono O'odham akhala naye zaka mazanamazana, amadya zipatso zake, ali ndi dzina lawo. Koma m'mabuku ndi Carnegiea gigantea, chifukwa mu 1908 akatswiri a zomera a ku America, Britton ndi Rose, anafuna kuthokoza Andrew Carnegie, mpondamatiki wa zitsulo amene bungwe lake linkalipira kafukufuku wa m'chipululu. Mabuku awo anayi aja a 1919 mpaka 1923 anasindikizidwanso ndi bungwe lomwelo. Obregonia denegrii ndiye woseketsa kwambiri: wosaka makakitasi wa ku Czech, Frič, anaika pulezidenti wa Mexico Álvaro Obregón kutsogolo ndi nduna De Negri kumbuyo, kachomera kamodzi andale awiri. Gymnocalycium mihanovichii, kholo la timipira tofiira ndi tachikasu tomezanitsidwa tija timagulitsidwa paliponse, ndi dzina la mwini sitima zapamadzi amene ankathandiza Frič pa maulendo ake. Leuchtenbergia ndi kalonga. Nanga mbusa wa mbuzi amene analondolera mlendo kuphanga kumene chomeracho chinali, dzina lake lili pa lebulo liti?

Dzina labwino kwa ine ndi limene limakuuza kanthu. Ukamva plumosa ukudziwa kuti minga yake ili ngati nthenga. Ukamva senilis ukudziwa kuti ali ndi imvi.

NaMinga
Achimwene a Mlonda, mfundo yanu yamveka, koma lero pang'onopang'ono. Mwana wa malemu wangofunsa za bambo ake, osati za Carnegie.

Mwana wa Malemu
Ayi mayi, asiyeni alankhule. Kunyumba bambo ankayankhula chonchi patebulo mpaka chakudya kuzizira. Zikundisangalatsa kumva.

Mphunzitsi Wopuma
A Mlonda, theka la zimene mwanenazo ndikuvomera. Ngakhale malamulo a mayina a zomera ali ndi langizo lakuti mfunda usapatsidwe munthu amene sakhudzana n'komwe ndi sayansi ya zachilengedwe. Koma ndi langizo chabe, silimanga munthu. Mwasankha mayina a anthu olemera okhaokha, nanenso ndisankhe anga.

Frailea. Timakakitasi tating'ono tija ta ku South America. Britton ndi Rose omwewo anatitcha dzina la Manuel Fraile, munthu wa ku Spain amene kwa zaka zambiri ankasamalira makakitasi a unduna wa zamalimidwe ku Washington. Wothirira ndi wosintha dothi, osati bwana. Ndipo taonani kukoma kwake: Frailea nthawi zambiri duwa lake silitseguka n'komwe, limangobereka njere mwakachetechete lili chitsekere. Agogo ankati dzina limeneli linapita kwa mwini wake.

Hildewintera ndi Hildegard Winter, mlongo wake wa Ritter. Ritter akuyenda m'mapiri, mayiyu ndi amene ankalandira njere ku Frankfurt n'kumazigulitsa, ndipo ndi chifukwa chake manambala a FR anafika m'miphika ya anthu wamba, mpaka m'shedi ya malemu. Mammillaria theresae ndi Theresa Bock, amene anamupeza pamodzi ndi mwamuna wake ku Durango m'ma 1960. Ariocarpus bravoanus wa 1992 ndi Helia Bravo Hollis, mayi wa ku Mexico amene anathera moyo wake wonse pa makakitasi a dziko lake, n'kumwalira mu 2001 kutatsala masiku anayi kuti akwanitse zaka 100. Amenewa mukanakonda aiwalike?

Ndipo mayina ofotokoza aja nawonso amanama. Mayina a malo ndiye osanena, zomera zambiri zili ndi dzina la dziko limene sizimerako chifukwa wolemba anasokoneza mabokosi. Dzina la munthu silinama za chomera, chifukwa silinena kanthu za icho.

Mlonda wa Mizu
Za Fraile ndagonja. Koma musaiwale kuti nkhaniyi si ya ine ndekha. Mu July 2024 akatswiri a zomera atakumana ku Madrid anavota kuti mayina oposa 200 okhala ndi liwu lonyoza anthu akuda loti caffra asinthidwe kukhala afra, ndipo anagwirizana kuti mayina atsopano onyoza, kuyambira 2026, angathe kukanidwa. Koma Hibbertia wa ku Australia, wotchedwa dzina la George Hibbert amene ankalimbikira kuti malonda a akapolo apitirire, adakali pomwepo. Dzina likakhazikika kulichotsa ndi ntchito. Ndiye ine ndimati tisamathamangire kuika anthu pa zomera.

Mayi Duwa
Inu abambo awiri, Agogo sanagulitse akapolo. Tabwererani kuno.

Mwana wanga, pepa. Ine chondidetsa nkhawa si dzina ayi, ndi miphika 300 ija. Ndinaonapo zimene zimachitika wosonkhanitsa akamwalira. Banja limakhala pa chisoni, shedi imatsekedwa, wina wachifundo amabwera ndi paipi n'kuthirira zonse tsiku ndi tsiku, wina amazula malebulo kuti atsuke miphika ioneke bwino. Pakatha miyezi itatu ntchito ya zaka 40 yasanduka minga yopanda dzina. Zinachitika kwa mnzanga wina, mpaka lero ndikaganiza mtima umandiwawa.

Ndipo popeza mwatchula grusonii, nkhani yake ikugwirizana ndi zimenezi. Kakitasi wozungulira wa minga yachikasu uja, amene aliyense amayamba naye, ndi Echinocactus grusonii. Hermann Gruson anali mwini fakitale ya zitsulo ndi zida zankhondo ku Magdeburg (a Mlonda musayambenso), ndipo anali ndi makakitasi ochuluka zedi. Atamwalira mu 1895 banja lake linapereka zomerazo ku mzinda pamodzi ndi ndalama, chaka chotsatira nyumba za magalasi zinatsegulidwa, ndipo mpaka lero zilipo ndi dzina lake. Zinatheka chifukwa panali dongosolo ndi ndalama. Ife ndalama za Gruson tilibe, koma tilipo ambiri. Mutu umodzi susenza denga.

Kafesa
Chodabwitsa cha grusonii n'chakuti m'miphika alimo mamiliyoni koma kwawo ku Mexico anatsala ochepa. Damu la Zimapán litamangidwa m'ma 1990 madzi anamiza chigwa chimene ankamera kwambiri. Ndiye nthawi zina mphika wa pakhonde umakhala ngati nkhokwe.

Komanso dzina lakelo linasinthidwa. Mu 2014 Joël Lodé anamusamutsira ku mfunda watsopano, Kroenleinia, dzina la Marcel Kroenlein amene ankayang'anira munda wa zomera wa ku Monaco. Tsopano kachomera kamodzi kasenza anthu awiri, Kroenleinia grusonii. Ndinafunsa Agogo ngati asintha lebulo. Anati, "Ndalemba ndi pensulo, ndidikira aone ngati atsimikiza." Ndikuganiza kuti sanasinthe mpaka pano. Achemwali mukaone.

Mphunzitsi Wopuma
Kafesa wakhudza penipeni. Onani kuti mfunda unasintha koma grusonii anatsala. Lamulo ndi lakuti dzina lachiwirilo limasamuka nacho chomera, pokhapokha ngati kumene chikupitako kuli kale china cha dzina lomwelo. Ndiye amene anaikidwa kumbuyo amakhalitsa kuposa amene anaikidwa kutsogolo. Mfunda umamezedwa. Curt Backeberg anagawa makakitasi m'mifunda yambirimbiri m'mabuku ake asanu ndi limodzi a 1958 mpaka 1962, obwera pambuyo pake anaphatikiza yambiri, ndipo tsopano oyeza DNA akugawanso ina. Heliabravoa, mfunda wa mayi Bravo, unamezedwa ndi Polaskia. Hildewintera analowa mu Cleistocactus, ngakhale kumeneko anakatchedwa winteri, ndiye banja la Winter silinatayike.

Bambo ako ankati akatswiri amasintha mayina ngati malaya koma nambala ya kutchire sivula. Apa ndi pamene tinkakangana, chifukwa ine ndimasintha malebulo anga buku latsopano likangotuluka. Iwo ankandiseka kuti ndimathera pensulo pa zinthu zosaphukitsa duwa.

Ndiwonjezere kanthu koseketsa, osati onse ndi anthu. Lobivia ndi Bolivia atasokoneza zilembo, Denmoza ndi Mendoza, Mila ndi Lima. Ndinataya madzulo athunthu kufufuza kuti bambo Lobiv anali ndani.

Mwana wa Malemu
Ndapita kukaona, lebulo likadali Echinocactus grusonii. Ndaseka ndekha m'shedimo.

Funso lina. Pakona pali zomera zazitali zaminga, ndinakhudza imodzi ndi kampeni ndipo yatuluka madzi oyera ngati mkaka. Yadwala?

NaMinga
Sambani m'manja ndi sopo pompano ndipo musagwire m'maso! Imeneyo si kakitasi, ndi Euphorbia, m'bale wake wa nkhadze. Utomoni wakewo umawotcha khungu ndipo m'maso ndi woopsa. Siinadwale ayi, ndi mmene ilili. Kusiyanitsa kwake, kakitasi minga yake imatuluka pa kakhushoni kaubweya, Euphorbia alibe kakhushoniko.

Mphunzitsi Wopuma
Ndipo ndi dzina la munthu limenelonso, lakale kuposa onse tawatchulawa. Euphorbus anali sing'anga wa mfumu Juba II ya ku Mauretania, kumpoto kwa Africa, zaka pafupifupi 2,000 zapitazo. Mfumuyo ndi imene inatcha chomeracho dzina la sing'anga wake, katswiri wa mayina a zomera Linnaeus anangolisunga mu 1753. A Mlonda, apa mfumu ndiyo inalemekeza wantchito.

Wongodutsa
Pepani pa maliro. Ine ndimangowerenga, sindilembalemba. Ngati banja likufuna kugulitsa, ndikufuna Ariocarpus ndi Aztekium onse amene alipo, makamaka akuluakulu. Ndilipira bwino. Ndilembereni kumbali.

Mayi Duwa
Bambo inu, ngakhale maliro sanazizire? Mwana wanga usayankhe aliyense kumbali. Amene amathamangira akuluakulu okhaokha amadziwa chimene akuchita. Aztekium ritteri amakula pang'onopang'ono moti wamkulu ngati chala chachikulu angakhale ndi zaka zambirimbiri. Usagulitse kanthu tisanakuuze chimene uli nacho.

NaMinga
A Wongodutsa, zamalonda si pano ndipo si lero. Ndasiya uthenga wanu kuti ena aone yankho.

Mlonda wa Mizu
Apa ndiye pamene ndinkawalemekezera Agogo kuposa pena paliponse. Sanagulepo chomera chokumbidwa kutchire, ndipo ankachidziwa pongochiona: khungu lokhakhala lotuwa, zipsera za dzuwa ndi mbuzi, mizu yodulidwa. Munthu wina ataika chithunzi cha Copiapoa wamkulu muno akunyadira, iwo anangofunsa kuti njere yake munafesa chaka chanji. Munthuyo anatuluka pagulu tsiku lomwelo.

Sankachita izi mwa nkhanza. Kafukufuku wa 2015 wa IUCN, bungwe la padziko lonse loteteza zachilengedwe, anapeza kuti pa mitundu 1,478 ya makakitasi imene anaiunika, 31 pa 100 iliyonse ili pangozi yotha, ndipo chimodzi mwa zifukwa zazikulu ndi ife tomwe, osonkhanitsa. Mu 2020 apolisi a ku Italy anagwira makakitasi oposa 1,000 obedwa ku chipululu cha Atacama, ambiri a Copiapoa, ndipo 844 anabwezedwa ku Chile chaka chotsatira. Ariocarpus, Obregonia ndi Aztekium ritteri ali pa mndandanda woyamba wa CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a zamoyo zimene zili pangozi, kuwatulutsa m'dziko popanda zikalata ndi mlandu. Ndiye makope anayi aja ndi ofunika, chifukwa ndi umboni wakuti zonse za m'shedimo zinachokera ku njere.

Kafesa
Nkhani imene ankaikonda kwambiri pa zimenezi ndi ya Mammillaria luethyi. Anandiuza katatu konse, ndipo ulendo uliwonse ngati koyamba. Mu 1952 Norman Boke anaona kachomera kachilendo kali m'chitini cha khofi pa hotela ina ku Ciudad Acuña, ku Coahuila. Anakajambula, koma palibe ankadziwa kumene kanachokera. Zaka 44 anthu akungoyang'ana chithunzi. Mu 1996 George Hinton ndi Jonas Lüthy anakapeza kutchire, Hinton n'kukatcha dzina la mnzakeyo. Malo ake anawabisa, ndipo kanachulukitsidwa pomezanitsa mpaka lero aliyense angakapeze osakumba kutchire. Agogo ankamaliza ndi funso lakuti, nanga amene anakaika m'chitini muja anali ndani? Pamenepo ankagwirizana ndi a Mlonda.

Mwana wa Malemu
Ndakhala ndi makope aja usiku wonse. Ndapeza tsamba la P 41 ndipo sindikudziwa ngati ndilire kapena ndiseke. P ndi manambala awoawo, a zonse zimene anakwatitsa okha, amafika pa P 67. Pa P 41 alemba makolo ake awiri, onse a Echinopsis, tsiku limene anaika mungu, tsiku limene anafesa, ndi kuti pa ana onse anasunga mmodzi yekha. Kenako pansi pake, ndi pensulo yomweyo: "Mtundu wa duwa ndi wabwino. Koma khosi ndi lofooka, pofika masana lagwa. Sanakwane. Osagawa."

Ndiye chomera chimene ndimafuna chitchedwe dzina lawo, eni ake anachilephera mayeso.

Dzanja Lolemera
Achemwali dikirani. Osagawa? Ine ndili naye P 41! Anandipatsa okha zaka zitatu zapitazo. Ndatuluka kukaona lebulo, ndi dzanja lawo lomwe.

NaMinga
Inenso ndili naye. Ndipo n'zoona, pofika 11 koloko duwa limakhala litaweramira pansi.

Mayi Duwa
Kuno alipo awiri. Anandiuza kuti ndisauze munthu chifukwa ndi wosakwana. Kani anatiuza tonse chimodzimodzi! Mdala ameneyu sankatha kubweza munthu chimanjamanja. Kupatsa n'kuika, taonani lero P 41 ali m'makomo angati.

Mphunzitsi Wopuma
Ine sanandipatse, ndipo ndikudziwa chifukwa chake. Ndikanawauza kuti khosi ndi lofooka.

Tsono maganizo anga asintha pang'ono. Munthu amene analemba "sanakwane" sakanakondwa kuona dzina lake pa duwa logwa masana. Anali wokhwimitsa zinthu pa ntchito yake. Mwana wathu, werenga masamba enawo. Pa 67 pangakhale pamodzi pamene analemba kuti wakwana. Ameneyo ndiye woyenera dzina.

Mlonda wa Mizu
Ine ndinene zodabwitsa: ndikutsutsana ndi aphunzitsi, ndipo ndili mbali ya mwanayu. Amene ankadzutsira ana m'mamawa ndi P 41, osati winayo. Koma dzina ali nalo kale. P ndi Pensulo, 41 ndi tsamba la m'kope. Ritter ali ndi FR, Lau ali ndi L, Agogo ali ndi P. Anadzitcha okha mwa njira imene ankailemekeza, ife tikufuna kuwonjezera chiyani?

Kafesa
Zonse ziwiri zingatheke. Pa lebulo timalemba dzina kenako nambala, monga timachitira ndi ena onse. Chachikulu n'chakuti amene muli naye muzichulukitsa ndi tiana ta m'mbali tokha. Mukafesa njere zake ana adzatuluka osiyanasiyana, ndipo amenewo si P 41 ayi, musawalembe choncho. Thyolani kamwana, kasiyeni pamthunzi sabata imodzi bala liume, kenako kakhazikeni pa dothi la mchenga ndi timiyala, osathirira mpaka mizu itayamba.

Mwana wa Malemu
Ndawerenga masamba onse 67. Palibe ngakhale limodzi pamene analemba kuti wakwana. Pabwino kwambiri ndi P 58, alemba kuti "tione chaka chamawa."

Za dzina ndikambirana ndi azichimwene anga, wina akufuna dzina lenileni la bambo, ine ndayamba kukonda la Pensulo. Sitithamanga. Makope ndiwajambula tsamba lililonse ndi kuika muno kuti asakhale malo amodzi. Miphika ndikufuna ipite kwa anthu amene bambo ankawadziwa, mayi NaMinga mundithandize kulemba mndandanda. Grusonii wamkulu ndi thileyi ya P 41 zitsala kuno.

NaMinga
Ndiyamba mndandandawo mawa, ndipo aliyense wotenga mphika adzalemba nambala yake kuti tidziwe chili kuti. A Mphunzitsi, inu mutenge P 58, mudzatiuze chaka chamawa.

Mphunzitsi Wopuma
Ndamulandira. Koma akagwa khosi ndidzanena.

Mwana wa Malemu
Chomaliza, dothi m'miphika yonse lauma gwaa, ndipo pa mphika wina ndaona tinthu toyera ngati ufa m'munsi mwa chomera. Ndithirire?

Dzanja Lolemera
Ayi! Mverani ine amene ndinapha ambiri, ikani chitini pansi. Angakhale milungu ingapo osamwa, palibe chimene chiwachitikire. Wa zoyerayo mumuchotse pakati pa anzake, mumuike payekha, zingakhale tinsabwe toyera tija timabisala kumizu. Mujambule pafupi, lebulo lionekenso, muike muno tione.